Ndinkagulitsa mbewu, intaneti inati mbewa

Ngati munadutsa pa Boma la Mchinji chilimwe chathachi n'kuona bambo wina ali pamakwerero, akupala chikwangwani chake chomwe ndi mpeni anthu atamuunjirira, ameneyo ndinali ine.

Ndili ndi kasitolo ka mbewu: chimanga, soya, mtedza ndi timapaketi ta zamasamba. Dzina lake Mbewu Zathu. Kwa zaka zingapo ndinkalembanso bulogu pa tsamba laulere, lija salipiritsa koma dzina lako amalimata ndi lawo kumapeto. Ndinkalembapo za nthawi yodzala ndi zimene zafika m'sitolo. Alimi a ku Mkanda sankawerenga (netiweki ya kumeneko mukuidziwa), koma ana awo a m'tauni ankawerenga n'kuimbira makolo kumudzi kuti akagule kwa ine. Zinkayenda.

Amene anandisokoneza ndi a Zulu, mnzanga wothandiza madalaivala kuolotsa katundu pa boda. Tsiku lina anayang'ana adiresi ya bulogu yanga n'kupukusa mutu.

"Achimwene, munthu wabizinesi ngati inu mukadali pa lendi? Adiresi kutalika ngati mzere wa mathiraki! Gulani dzina lanulanu."

Mawu oti lendi anandilasa. Loweruka lomwelo ndinagula dzina ndi malo osungira tsamba, ndekha, pafoni, kwinaku ndikupimira mayi wina mtedza. Mpaka lero sindidziwa kuti chala changa chinafika bwanji pa chilembo cha a, pakuti u ali kutali ndithu.

Kusamutsa nkhani kunandivuta. Mawu anafika bwino ku tsamba latsopano, zithunzi zinatsalira, ndipo ndinachita kuzikweza chimodzichimodzi mpaka bando kutha. Nditamaliza ndinatsegula bulogu yakale kuti ndiifufute. Akazi anga anali pambali akusankha nyemba.

"Bambo a Tadala, nyumba yakale sagwetsa usanagonemo m'yatsopano."

Ndinawauza kuti za intaneti n'zosiyana ndi za njerwa. Foni nayo inandifunsa ngati ndatsimikiza, n'kubwerezanso kufunsa (ulemu umene sindinauyamikire panthawiyo). Ndinadina.

Kenako ndinatumiza adiresi yatsopano kwa wolemba zikwangwani kuti aiike pansi pa dzina la sitolo. Anandiimbira.

"Bwana, mwayambanso bizinesi ina?"

"Tikukula," ndinatero. "Lembani momwemo, musasinthe kanthu."

Sanasinthedi. Ndinasindikizanso timapepala, ndipo akazi anga anatigawa ku Guilleme potuluka misa.

Woyamba kuimba anali dalaivala wa thiraki, akudikira mapepala pa boda.

"Madala, zilipo?"

"Zilipo, zafika kumene."

"Zouma bwino?"

"Gwa! Ndipo zonse n'zothira mankhwala."

Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti mankhwala anji. Ndinamufotokozera kuti ofiira aja, oteteza ku anankafumbwe, ndipo asamale ana asazilawe. Anandiuza kuti ndidzamangidwa, n'kudula foni. Ndinangoti anthu ena amayamba kumwa m'mawa.

Patapita masiku anaimba mayi wina wa ku Chipata. "Muli na akapuku?" Ndinaganiza kuti ndi mtundu watsopano wa mtedza wa kwawo, ndiye ndinayankha mwaukatswiri kuti umenewo sitinalandire, koma tili ndi ina yoberekana kwambiri. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinasekanso nawo, poti kasitomala akaseka umaseka.

Panthawiyi makasitomala anga enieni anali atachepa. Ana a m'tauni aja akatsegula adiresi yakale ankapeza palibe, n'kuuza makolo kuti mwina sitolo inatsekedwa. Ine ndinkati ndi mvula yachedwa.

Zinaululika atabwera a Mwale, manijala wa esiteti ina ya fodya. Ankafuna mbewu ya chimanga ya matenanti awo onse, oda imene ndinkaiyembekezera chaka chonse. Sanalowe m'sitolo. Anaima panja, manja kumbuyo, maso pa chikwangwani.

"Eni esiteti aona adiresi pa pepala lanu la mitengo," anatero. "Akuti ndidzaone kaye ngati ndinu munthu wolongosoka."

Ndinatuluka, ndinaima pambali pawo, ndinayang'ana m'mwamba. Mbewu Zathu, zilembo zikuluzikulu. Pansi pake, mu penti wofiira wowala bwino: mbewazathu. Chikwangwani chimenechi ndinkadutsa pansi pake m'mawa uliwonse, nthawi zina n'kuima kuchisirira.

"Ndiye mumagulitsa ziti?" anafunsa a Mwale, nkhope ili phee ngati ali pa maliro. "Zodzala kapena zodya zodzalazo?"

Anagula theka la odayo. Theka linalo anali atagula kale kwina, poti eni esiteti sanafune kuika chakudya cha matenanti m'manja mwa munthu mmodzi wosamvetsetseka. Sindinawatsutse.

Ndinalembera ogulitsa maina aja kuti andikonzere chilembo chimodzi chokha. Anayankha mwaulemu kuti dzina likagulidwa lagulidwa, ndigule lina. Ndinagula, ndipo ulendo uno akazi anga analiwerenga mokweza ndisanadine. Bulogu yakale sinabwerere. Owerenga akale akubwerera pang'onopang'ono, ngati nkhuku zimene unazithamangitsapo ndi mwala.

Phunziro lalikulu ndilibe. Mwina loti munthu ukamva kuti "mwayambanso bizinesi ina?" uzifunsa kuti iti. Timapepala tija sitinathe kutitolera, choncho mafoni amabwerabe. Masiku ano sindikangana nawo. Ndimangowapatsa nambala ya bambo wina wa pamsewu wa ku Mkanda amene amagulitsa mbewa zenizeni, zapampani. Ndamva kuti wagula njinga yatsopano. Sanabwere n'kudzathokoza komwe.