Loko wa pa Difu

Lolemba

Mvula sikuleka. Loweruka thenga wa kwa a Laston akubweranso kumudzi kwa adada, kuseri kwa Manyamula, kudzayamba nkhani ya ukwati wanga. Ulendo watha anakhala tsiku lonse pansi pa mango, ife tili m'dambo, galimoto ya achimwene itatitimira. Gudumu limodzi lakutsogolo limazungulira lokha m'matope, linzake lili chete ngati nkhaniyo si yake. Adada akuti thenga akabwereranso osationa, kwawo adzati takana.

Achimwene akupita ku Luwawa pa lole ya kuntchito kukapakira matabwa mpaka Lachisanu. Akundisiyira mawu: "Difu yakutsogolo iikidwe loko kuti magudumu azikoka pamodzi. Ukawauze a Nyirenda kugalaja." Kugalajako ndi amuna okhaokha, ndipo mtsikana akafika amaleka ntchito n'kumamuyang'ana. Sindipitako. Loko ndimamudziwa. Ndichita ndekha.

Lachiwiri

Kusitolo. Maloko ambiri. Ndikuyesa aliyense: kutseka, kutsegula, kukoka, kumvera kulira kwake. Mwini sitolo akuti: "Mama, mukugula kapena mukuwalembetsa mayeso a sitandade eyiti?" Ndikusankha wamkuwa, wolemera, woti dzimbiri silingamugwire. Kiyi mmodzi pakhosi, wina m'Baibulo. Zikuyenda bwino chomene.

Lachitatu

Zofunika: mphasa yakale, zitenje ziwiri, mapini, nsanza. Mkazi savala buluku, ndi lamulo, choncho ndikumanga chitenje ndi mapini mpaka m'mapazi. Ndikudikira anthu apite kumsika, kenaka ndikukwawira pansi pa galimoto.

Difu ndaipeza, chitsulo chotupa ngati dzungu pakati pa magudumu. Ndikuipukuta bwinobwino. Koma pokolowekera loko palibe. Kutsogolo palibe, kumbuyo palibe. Amene anapanga galimotoyi anaiwala, si ine.

Amayi a nyumba yoyandikana akuona mapazi anga okha, akuitana ana awo kuti galimoto yagunda munthu. Ndikukhalabe pansipo mpaka onse atatopa.

Lachinayi

Basi, kugalaja. Mawu ndawakonzeratu m'njira. Ndikugwada, ndikupereka loko ndi manja awiri. A Nyirenda akumutembenuza, akuyang'ana ine, akuitana anzawo: "Zaninge muwone, mlongo wa dalaivala akuopa kuti akuba amubera difu." Mmodzi akuseka mpaka kukhala pansi pa tayala.

Atapukuta misozi akundifotokozera. Loko wa pa difu ndi chipangizo cha m'kati, chomanga magudumu awiri kuti azizungulira limodzi. Ku Mzimba kuno kulibe, n'choitanitsa ku Blantyre, ndipo chingafike ine ndili ndi mwana kumbuyo. "Tikhoza kungowotcherera magiya a m'katimo, agwirane mpaka kalekale. M'matope mudutsa ngati thalakitala. Koma, mama..."

Sindikudikira kuti amalize. Ndikuti "Yewo, wotchererani," mbwenu ndikuthawa. Zomwe ndimafuna ndamva.

Lachisanu

Awotcherera. Galimoto aisiya pakhomo itayang'ana kumsewu. Ndikusita diresi, ndikutsuka mipando, ndikuwazira madzi nkhuku ya adada kuti isafooke m'dengu. Achimwene akufika atatopa, akufunsa: "Loko aika?" Ndikuti zonse zatheka. Si bodza.

Mawa thenga adzatipeza titakhala kale pamphasa!

Loweruka

Potuluka m'tauni achimwene akulimbana ndi chiwongolero, thukuta kamukamu. Akuti mwina matayala aphwa. Msewu ndi wowongoka, tikupita.

Dambo lija tikulidutsa osaima n'komwe. Matope akuuluka mbali zonse, anthu a panjinga akutipatukira. Achimwene akuti: "Mlongo wanga, uli ndi mutu." Ndikuyang'ana pansi, koma mumtima ndikuvomereza.

Pamphambano, njira ya kwa adada imakhotera kumanzere, yopapatiza, yoterera. Achimwene akupinda chiwongolero. Galimoto ikupita kutsogolo. Akubwerera m'mbuyo, akupindanso mpaka mitsempha kuoneka. Kutsogolo. Akundifunsa chimene a Nyirenda anachita, ndikuwauza. Akuti: "Sanakuuze kuti difu yowotcherera sikhota?" Ndiye "koma" uja.

Tikupitirira kufuna malo aakulu otembenukira. Uku chimanga, uku ngalande. Malo aakulu oyamba ndi bwalo la kwa a Laston. Galimoto ikuima pakhomo penipeni pa amayi awo, ikuzima. Ine ndili m'kati, diresi yosita, nkhuku pamiyendo. Thenga ali kwa adada, pansi pa mango.

Amayiwo akusuzumira pawindo: "Monile, mkamwana. Ife timati tikupempheni kaye, kani mwabwera kale?"

Lamulungu

Kwa adada tinafika wapansi, a Laston atanyamula dengu, thenga asananyamuke. Ukwati ulipo. Kungoti thenga akuti mtsikana wodzibweretsa yekha, pagalimoto, ng'ombe zake za malowolo sizingafanane ndi za amene anthu amachita kukamupempha. Adada sakundiyankhula. Achimwene akubwereka ng'ombe zapagoli kuti zikatembenuze galimoto.

Kutchalitchi ndikulowa mochedwa, mwakachetechete, ndikukhala kumbuyo kwenikweni. Mpingo wonse ukucheuka. Makosi awo amakhota bwino.