Mapaipi a Msasa wa Chinkhoswe cha Tadala

Lolemba
Chinkhoswe cha mwana wanga Tadala chili Loweruka la sabata yamawa, kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Beech Grove. Tenti yobwereka ndakana. Ndikumanga ndekha msasa wa mapaipi achitsulo. A kuchimuna akuchokera ku South Bend konse, asadzapse ndi dzuwa pakhomo panga.

Lachiwiri
Msasa waima! Koma mtima uli m'mwamba. Muphwa wanga Limbani, amene akuphunzira za zitsulo ku South Bend komweko, amati iwo paipi amaikoka, kuikanikiza ndi kuipotokola ndi makina mpaka igonje. Makina ndilibe, thupi ndili nalo. Ndalendewera pa paipi yopingasa. Yalimba.

Lachitatu
Kupotokola ndi sipanala: yalimba.
Kukankha mzati ndi phewa: walimba.
Phewa: likuwawa.
Mzungu woyandikana nafe akufunsa ngati kuno kuli bwino.

Lachinayi
Limbani pafoni: "Amalume, mwayesa chimodzichimodzi. Chitsulo chimagonja zonse zikachipeza nthawi imodzi." Nthawi imodzi bwanji? Manja ndili nawo awiri okha.

Lachisanu
Mayi ake a Tadala akukongoletsa: zitenje kuzungulira, nyale, maluwa, sipika yaikulu pakati penipeni. Paipi yapakati ikuoneka ngati yawerama pang'ono. Mwina ndi maso angawa.

Loweruka
Amayi a kutchalitchi abwera kudzakonzekera nyimbo. Mphepo yafufumitsa zitenje. Sipika ikukokera pansi. Ankhoswe athu, munthu wathupi ndithu, atsamira mzati. Mayi wina wagwira mzati womwewo, akuuzungulira povina. Zonse nthawi imodzi!

Paipi sinathyoke. Yangopindika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ikugwadira alendo. Palibe wavulala. Amayi amalizira nyimbo ali pansi pa zitenje. Tadala waseka mpaka kukhala pa udzu.

Lamulungu
Mizati ina ikadali yowongoka, Mulungu ndi wabwino. Paipi yopindika ija Limbani waiona pachithunzi, akuti ndimusungire akaonetse anzake, ati yapindika mokongola. Ankhoswe akuti tsiku lenilenilo adzakhala pampando. Sindikuwakhulupirira.

Ndatumiza uthenga: "Pepa kukuvutitsa, muphwa, ndikudziwa watanganidwa. Ndi paipi yonenepa bwanji imene ingapirire mphepo, sipika ndi ankhoswe pamodzi? Undiyankhe Lachitatu lisanafike. Likadutsa, ndikabwereka tenti."