Chinkhoswe cha Disiki ya Achimwene

Anzanga, khalani pansi mumve zimene ndalota usiku wathawu, ndipo iwe Mafuno usaseke ndisanamalize.

Ndinalota ndili pa depoti ya Limbe, pamene ndinawaona komaliza achimwene anga a Yotamu ali moyo. Anali pawindo la minibasi, laputopu ili pamiyendo, akupita ku Mulanje kukajambula kwaya. Anandikuwira ngati tsiku lija: "Tsili, ubwerere ku koleji, usamangogona ngati mphasa!"

Mukudziwa kuti pa ngozi ija laputopu inaphwanyika, koma hadi disiki yake inapulumuka. Nyimbo zimene ankaimba okha zili m'menemo. Masiku onsewa ndakhala ndikuikakamiza kuti ilowe m'chikompyuta chakale cha bambo, chija chinafa batire la wotchi n'kumangobwerera ku tsiku lakalekale, kuti mwina ndimveko mawu awo. Koma sizikutheka.

Ndiye minibasi itanyamuka, disiki inalankhula m'thumba mwanga. "Alamu, nditulutseni. Umasiye wanditopetsa, ndikufuna banja." Kanatuluka kadona kopyapyala, kovala zakuda, kolankhulira m'mphuno ngati kokulira ku Namiwawa.

Mwadzidzidzi depoti inasanduka bwalo la chinkhoswe. Mkwati anali a Mazabodi, bolodi lalikulu lolumikizapo zonse m'chikompyuta chija, mkulu wa fumbi m'makutu, atamanga lamba wake wotambalala m'chiuno. Anakayang'ana kadonako kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mtsikanayu mano ake ali kuti? Ife akale timagwirana ndi mano makumi anayi."

"Agogo, masiku ano timalumikizana ndi kachingwe kamodzi basi."

"Kachingwe! N'chifukwa chake maukwati anu sakhalitsa."

Ndiye anaitana mlembi wa ku koleji, yemwe uja anafufuta dzina langa nditasiya sukulu, kuti adzalembe ukwati. Atangovala magalasi anasanduka kamba, tayi ili m'khosi. Anazungulira disiki pang'onopang'ono mpaka anthu anayamba kuwodzera.

"Mkwatibwiyu wakulitsa," anatero kamba. "Ine kuwerenga ndimalekeza pakati. Ndilembe theka lake?"

"Bwana, mungalembe bwanji theka la munthu?" ndinafunsa.

"Nanga inu a Tsilizani, dipuloma munaitsiriza?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, ngakhale mbaula ya mayi wootcha chimanga inaseka mpaka kutsokomola phulusa. Kenako mbaulayo inati, "Inu, ukwati wopanda nkhoswe munauona kuti? Pitani mukapeze adaputa, kachida kolumikizira zakale ndi zatsopano."

Ndiye ndinathamangira kumsika, miyendo ikulemera ngati ndikuponda m'phala. Mkulu wa msika anandilonjera ndi manja awiri, ndipo mwadzidzidzi anali nanzikambe. Mbali imodzi anali ndi mano makumi anayi, mbali inayo kachingwe, diso lina kwa mkwati, lina kwa mkwatibwi. Nkhoswe weniweni. Ndinamubereka kumsana mpaka pabwalo.

Anaima pakati pawo. "Agogo, mwanayu ndi waulemu, kungoti ndi wofulumira. Mayi, mkuluyu ndi wochedwa, koma sathawa pakhomo." Onse anamugwira manja. Nyale yobiriwira ya pachikompyuta inayaka.

Anzanga, ndinamva kutsokomola kuja. Kuja ankayamba nako achimwene asanaimbe, ngati akupempha malo. Ndinatchera khutu.

Pomwepo a Mazabodi anataya dzanja. "Taimani. Mtsikanayu wavaliranji zakuda?"

"Mwini wanga anamwalira, agogo. A Yotamu."

"Yotamu? Bodza lamkunkhuniza! Yotamu ali Fomu 2. Dzulo lomweli wandithirira tiyi pa kiyibodi, lero wangotuluka kukagula mandasi. Taonani kalendala yanga. Chaka chino iwe mtsikana sunabadwe n'komwe. Ndikwatire munthu wosabadwa, wolira munthu wosafa?"

Ndinagwada. "Agogo, vesi imodzi yokha. Ndikupempha."

Anandisisita mutu ndi lamba uja. "Iwe Tsili wamamina, ukufuniranji nyimbo ya m'chitsulo? Dikira mwini wake. Akubwera."

Ndiye ine, munthu wa theka la dipuloma, ndinakhulupirira. Ndinakhala pansi kuyang'ana kumsewu. Kamba anatseka maso, nanzikambe anasanduka mtundu wa fumbi. Ndinamva likhweru la achimwene likuchokera kuseri kwa maminibasi, ndi fungo la mandasi otentha, likhwerulo likuyandikira, likuyandikira, kenako linangoti piii.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutacha. Magetsi anali atabwera, ndipo chikompyuta chija, chimene ndinaiwala kuchizimitsa pakhoma, chinali chitadziyatsa chokha. Disiki inali patebulo pomwe ndinaisiya, lamba wotambalala wa chikompyutacho ali pambali pake, osagwirana. Pagalasi, monga chimachitira nthawi zonse chikadzuka, chinali chitalemba tsiku lake.

1 Januwale 2004.