Nkhwangwa Imene Inaboola Thambo ku Ndake

Amene akuti ndine wabodza aimilile, agwile nkhwangwa iyi, aone mmene inapindikila kukamwa, ndiye andiuze mtengo wa kuno ku Ndake umene ungapinde chitsulo chotele. Palibe? Khalani pansi tsono, anyamata inu, muleke kulila kuti lelo kwatentha. Inu kutentha simukudziwa.

Ine Zuze Tembo, amene ndinathawa nkhondo ku Mozambiki ndi mkazi wanga amake Lute, ndinakuona kutentha chaka chija zipani zitangochuluka, pamene anatseka madepo a chimanga n'kutiuza kuti tsopano ndife afulu, aliyense adzionele yekha. Ufuluwo tinaudya bwanji? Mitengo tinaigwetsa yonse, ina makala a ku Lusaka, ina kuti tipeze minda ya thonje, mpaka dziko linatsala mbee ngati mutu wadazi. Ndiye Okutobala anafika, mphepo inaima njii, nthochi za ku Nyimba zinali kuwotcheka zili pamtengo, ng'ona za mu Luangwa zinayenda pansi kuchoka kwa Nyalugwe kudzaima pamzele pamjigo ndi ndowa kumutu, chithunzithunzi changa chinandikana n'kuthawila m'chitsime, ndipo nkhope ya phungu yosindikizidwa pachitenje cha amake Lute inayamba kutuluka thukuta, koyamba ndi komaliza munthu ameneyo kukhetsa thukuta chifukwa cha ife. Mukumva? Ngakhale dzuwa likalowa, nthaka inali kubweza moto wonse umene yamwa masana.

Tsiku lina amake Lute anagwa m'munda akusosa. Nditawanyamula, thupi lili juu ngati phale, koma louma gwa, thukuta ngakhale dontho, akuitana anthu amene tinawasiya m'manda kwathu. Ndinawagoneka pakhonde n'kuuza azimai a kumpingo kuti, "Awa lawagwetsa ndi dzuwa. Muwayang'anile, ine ndikathane nalo."

Ndinatenga nkhwangwa iyi, ndinadikila kamvulumvulu kamene kanali kudutsa pabwalo la mpila, ndinakadumphila pamsana n'kukagwila makutu, kanandikweza kupitilila akabawi, kupitilila utsi wa makala athu, mpaka mutu wanga unagunda pa chinthu, khoo! Ndikulumbila pa ubatizo wanga, thambo linali litasanduka chivundikilo chachitsulo, chikukanikiza mpweya wotentha pansi kuti usathawe, ife tili m'kati kupsa, mitambo ili kunja ikugogoda ngati alendo amene akanizidwa pakhomo. Ndinatema, ndevu zikunyeka, ndinatema, nsapato zamatayala zikusungunukila m'mapazi, ndinatema mpaka chinabooka, mphepo inalowa ikulila, mitambo ikupondelezana pachiboo, ine n'kutsika nditakwela pa dontho loyamba la mvula. Mukumva? Petauke yense anapuma chifukwa cha ine, ndipo mpaka lelo palibe anabwela kudzati zikomo.

Ndinafika pakhomo mvula ikuwaza, koma pakhonde panalibe munthu. Azimai aja, ndi mtima wao wabwino, anati ndi malungo, ndipo malungo kuno timawachotsa ndi thukuta. Anawalowetsa m'nyumba, anatseka chitseko, anawafunditsa mabulangete onse amene anatipatsa kukampu ya othawa nkhondo, n'kulowetsamo mphika wa masamba owila kuti awafukize. Mmodzi anandiuza kuti, "Musavundukule, aTembo, sanayambe kutuluka thukuta." Ndinavundukula. Munthu amene anangofunika madzi ozizila ndi mthunzi, tinamuphika tokha, tikuimba nyimbo za Mulungu. Zimandiwawa mpaka lelo, ndipo sindidzanama kuti ndinakhululuka.

Tsopano pawailesi ophunzila akuti utsi wa mafakitale ndi magalimoto wafunditsa dziko lonse bulangete, n'chifukwa chake kutentha kumene kunali kubwela kamodzikamodzi kwasanduka mlendo wa chaka ndi chaka, ndipo eni utsiwo akuwonjezabe lina pamwamba. Inu mukuseka, mukuti n'zachizungu. Ine sindiseka, chifukwa ndinaona ndi maso anga chimene bulangete limachita kwa munthu amene watentha kale.

Alipo ena m'mudzi muno amene amati kumwamba sindinafikeko, ati ndinangopalasa njinga kupita kumseu waukulu kukasaka galimoto, ndipo anthu anandipeza nditakomoka pafupi ndi chitsa. Ati nkhwangwa iyi inapindikila pokumba manda a amake Lute tsiku lotsatila, makasu atakanika nthaka, ine ndikutema pansi ngati wamisala. Bodza! Thambo ndinaliboola ine, Zuze, ndipo likavutanso ndidzakwelanso. Iwe mnyamata, bweletsa kuno nkhwangwa yangayo. Dothi lili kukamwako usalipukute.