Diresi la Mzere Wakutsogolo

Ching'ambo, Mzuzu
14 Ogasiti 1978

Kwa Mayi Wapampando wa Gulu la Amayi Ovina,

Mayi olemekezeka,

Ndine Goodwell Longwe, kalaliki wamba, mwamuna wa malemu Alefa, amene inu munkamutchula kuti Kamtengo ka Tsache. Ndagwira cholembera kuti ndikuthokozeni.

Tsiku lathu lomaliza labwinobwino linali Loweruka lina mu Febuluwale. Alefa anasenza dengu la nthochi wapansi kupita kumsika waukulu, mvula ikuwaza. Ine ndinkamutsatira panjinga, ndipo pachitunda ndi iye amene anaima kundidikira, akundiseka. Masana anapita kokonzekera gule wanu. Atabwerako anakhala pakhonde akuyang'ana mikono yake.

Choyamba, zikomo pomuuza pamaso pa anzake kuti mkazi woonda amachititsa manyazi dera lonse, poti alendo angaganize kuti kuno kuli njala. Kwa zaka khumi ndi zinayi ine ndinkaona mkazi wamphamvu, wosadziwa khomo la chipatala. Mundikhululukire, sukulu yanga inathera Fomu 2. Sindinkadziwa kuti thanzi limayezedwa ndi tepi ya telala.

Chachiwiri, zikomo pomuika mzere wakumbuyo, pafupi ndi ng'oma, kumene kumathera fumbi la anthu athanzi.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mapiritsi onenepetsa amene munamupezera kwa bambo wina wa kudepoti ya mabasi. Mapiritsiwo analibe dzina, analibe pepala, koma ntchito anagwira. Nkhope inadzaza, miyendo inadzaza, mphete inakana kuvuka. Ndikadina chala pamwendo pake, pankatsala kadzenje. Nditanena zopita kuchipatala, munatumiza mawu akuti imeneyo ndi nsanje ya amuna, Alefa wayamba kuoneka ngati mkazi wa munthu wapantchito. Iye anamwetulira, ine zachipatalazo ndinazisiya. Mlandu umenewo ndi wanga, sindikugawirani.

Chachinayi, zikomo pomukweza kufika mzere wakutsogolo. Telala Yona anamusokera diresi latsopano, lalikulu ngati la mayi weniweni. Alefa analivala kamodzi, navina akupuma ngati wakwera phiri, inu mukuomba m'manja. Patatha masabata awiri dokotala anatiuza kuti m'thupimo munali madzi, osati mafuta, ndipo tinachedwa. Koma iye ndi dokotala chabe, sanatsogolerepo gule.

Sindingaiwalenso mawu anu pamaliro, akuti Alefa wapita ali ndi thupi labwino. Amene ananyamula bokosi akhoza kukuchitirani umboni.

Tsopano za katundu wake, poti ndamva kuti mwakhala mukufunsa. Dengu ndi madiresi akale ndapatsa mng'ono wake Winifred, amene walowa gulu lanu mwezi watha. Akumukwana ndendende. Ndamvanso kuti mwayamba kale kumuyang'ana m'chiuno ndi chifundo chanu chija. Mapiritsi otsala ndawataya m'chimbudzi. Chikanenepa ndidzakudziwitsani.

Diresi lalikulu lija linakhala pamsomali miyezi itatu, ine ndikulizemba ndi maso, chifukwa silinali la mkazi amene ndinakwatira. Dzulo ndalichapa, ndalisita ndekha, ndipo ndalitumiza pamodzi ndi kalatayi.

Pempho langa ndi laling'ono, Mayi. Muikemo mapilo awiri, kapena atatu monga mungaonere, mulimangirire pamtengo ndi kuliimika mzere wakutsogolo. Ndi limene munkafuna kuyambira pachiyambi. Alendo adzaona kuti kuno timadya, ndipo ilo silidzabanika, silidzafuna dokotala, silidzasiya mwamuna. Malowo akadzaza motero, chonde Winifred mumusiye kumbuyo komweko, pafupi ndi ng'oma, ndi thupi limene anabadwa nalo.

Yewo chomene.

Ine wanu wogonjera, woonda ndithu koma wamoyo,
Goodwell Longwe