Nyimbo imene ndinasankhira Yotamu

Mpaka lero sindidutsa kutsogolo kwa shopu ya telala ija kumsika wa Lundazi. Ndimazungulira kumbuyo, kumene amagulitsa makala, ngakhale mawondo akukana. Adzukulu anga amayesa ndimaikonda njira imeneyo. Asiyeni ayese choncho.

Mwana wanga Yotamu mkazi wake anamwalira zaka zinayi zapitazo, n'kusiya ana atatu. Anawo anagwera ine. Ine amene ndinkati zolera ndathana nazo, ndinayambanso kuchapa mayunifolomu ndi kuthamangira kukiliniki. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: Yotamu akwatire ine ndisanagwe, anawa apeze mayi ndikuona ndi maso anga. Koma osati mkazi aliyense. Anthu anandibweretsera mayina asanu, onse ndinawakana (wina ankaseka kwambiri, wina sankaseka n'komwe, ndipo zonse ziwirizi ine ndimadziwa kumene zimathera).

Amene anandikhutiritsa ndi Nyazimba, telala uja, nayenso wamasiye. Ndinamupatsa nsalu kuti andisokere diresi nditaiyeza kale kunyumba ndi chingwe. Anasoka bwino, n'kundibwezera ndi tizidutswa tomwe. Yotamu nayenso mtima unali komweko, koma mwana ameneyu pakamwa m'polemera. Ankapita kushopuko, n'kupereka moni, n'kufunsa ngati ulusi wakwera mtengo, n'kubwerako.

Ndiye kalabu yawo ya alimi a fodya inakonza phwando atatha kugulitsa, Loweruka masana, ndipo anabwereka makina aja amati kalaoke. Kwa amene simunawaone: nyimbo imalira yopanda woimba, mawu ake amayenda pa TV, iwe n'kumaimba m'malo mwa mwini wake. Nyazimba anaitanidwa chifukwa ndiye anasoka malaya a kalabu. Yotamu anabwera kwa ine akukanda dazi, nati poti kulankhula kukumukanika, ayesa kuimba.

Anali atasankha nyimbo zitatu. Yoyamba inali yothamanga, ya achinyamata. Ndinamuuza kuti mwamuna wa dazi ndi mimba akathamangitsa nyimbo yotere mpweya umamuthera pakati, ndipo akazi amaombera m'manja chifukwa cha chisoni. Yachiwiri inali ya Chingerezi, yodzaza malonjezo. Imeneyo ndinaikana ndisanaimve yonse. Atate ake anandiimbirapo yotero kalekale, ndipo ndinadzamva kuti ankaiimbanso ku Kapichila, kwa wina. Yachitatu inali ya kutchalitchi. Ndinamufunsa ngati akufuna mkazi kapena akusonkhanitsa kwaya.

"Nanga niimbe chani, amama?"

"Siyila ine," ndinatero. Apa m'pamene zinayambira kuonongeka.

Sindinafunse munthu, chifukwa kufunsa n'kuulula. Ndinapita kumsika n'kukhala pambali pa mayi wogulitsa nshawa (mtedza), moyang'anana ndi shopu ija, ngati ndikupumitsa miyendo. Pafupi pali wometa tsitsi amene amaliza nyimbo tsiku lonse. Zambiri Nyazimba sankazilabadira, phazi lili pa makina basi. Koma inalipo imodzi yakale, yapang'onopang'ono, ya gitala ndi mawu a mwamuna amabesi, yokamba za munthu amene ali pa ulendo wautali. Imeneyo ikangoyamba, makina ankaima. Ankaika dzanja pachifuwa n'kuyang'ana pansi mpaka ithe. Ndinaona zimenezi katatu, masiku osiyana (kamodzi sindikhulupirira, kawiri n'kutheka wina wakonza). Mumtima ndinati ndaipeza.

Yotamu anayamba kuiphunzira kuseri kwa chigafa. Tsiku lachiwiri mulamu wanga Nyamwale anamumva, n'kubwera pamene ndinkaanika zovala.

"Mulamu, iyo nyimbo akuimbila ndani?"

"Akuimbila fodya."

Anati ngati ikupita kumene iye akuganiza, pali zimene ndiyenera kudziwa. Ndinamudula pomwepo. Mwa mayina asanu aja, limodzi linali la mwana wa mchemwali wake, ndiye ndinati nsanje imeneyi ndaiona kutali. Kuyambira tsikulo Yotamu ndinamusamutsira kudimba kuti asamvedwenso. Ndinamuuzanso kuti poimba azitsinzina, akazi ena asayese kuti akuwayang'ana, ndipo chakumapeto atambasule dzanja kuloza kumene wakhala Nyazimba.

Loweruka lija ndinakhala pafupi ndi geti, poonera aliyense. Anayamba ena. Bambo wina wolondera nyama ku Lukusuzi anaimba yothamanga ija, mpweya n'kumuthera pakati monga ndinanenera, koma akazi anamululutira ndipo awiri anadzuka kukavina naye. Sindinasamale. Kenako anaitana Yotamu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anaimba bwino. Mawu amenewo sindinkadziwa kuti ali nawo. Pabwalo ponse panangoti zii. Ndinati zikugwira. Mayi wina anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinati zagwiradi. Amuna anayamba kuvula zipewa mmodzimmodzi, ndipo ndinayesa ulemu.

Nyazimba anaimirira. Ndinkati akupita kutsogolo. Koma anachoka pampando n'kukhala pansi pa dothi, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira kulira kwa pamaliro. Akazi anasiya mipando yawo n'kukhala momuzungulira, ena n'kumamuthandiza kulira. Yotamu wanga, maso ali chitsinzinire monga ndinamulangizira, sanaone kanthu. Anamva phokosolo n'kuyesa akumuyamikira, nakweza mawu. Atafika chakumapeto anatambasula dzanja lija. Mwini makina ndiye anachita chifundo, anazula chingwe.

Nyamwale anabwera kugeti, nakhala pambali panga, n'kundifotokozera motsitsa mawu. Malemu mwamuna wa Nyazimba anali dalaivala wa lole, ndipo nyimboyo inali yake, ya paulendo uliwonse. Atamwalira, anzake anailiza pa lole imene inanyamula bokosi, kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Boma lonse limadziwa zimenezi. Ine ndi Yotamu nthawi imeneyo tinali kumudzi ku Mphamba. Anawonjezera kuti azibambo awiri amene ankandiyang'ana kuchokera pansi pa mtengo wa mango ndi ang'ono ake a malemuwo, ndipo akufuna kudziwa ngati banja lathu linabwera kudzaseka maliro awo.

M'mawa mwake ndinanyamula nkhuku kukapepesa (tambala amene ndinkasungira tsiku la chinkhoswe cha Yotamu ndi Nyazimba). Abale aja analandira, nkhani inatha. Nyazimba anandigwadira, nati, "Yewo, amama." Kenako anafunsa amene anasankha nyimboyo. Ndinayamba kunena kuti makina amenewa nthawi zina amasankha okha.

"Amama, nenze kukuonani pa nshawa paja masiku onse."

Anati iye ankangodikira kuti a Yotamu atsegule pakamwa, ngakhale pa nkhani ya ulusi pomwepo, ndipo akanavomera. Anawo ankawakonda kale. Koma tsopano akangoona nkhope ya a Yotamu akumva lole ija ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo sangathe kumaimva m'nyumba tsiku ndi tsiku. Analankhula mofatsa, osakwiya. Bola akanandikalipira.

Yotamu sananditukwane. Anangokhala masabata awiri akudya chakudya changa osanena ngati mchere wakwana. Mayunifolomu ndikuchapabe ndine, ndipo bondo lamanzere tsopano limatupa kukachita mitambo.

Mwezi wathawu Yotamu anandiuza kuti wapeza munthu. Ndinasiya chimene ndinagwira n'kufunsa kuti ndani, wa kuti, mwana wa yani.

"Muzamuona pa tsiku la ukwati, amama."

Ndiye mkazi amene adzalere adzukulu anga akuyenda m'boma muno, mwina amandipatsa moni, ndipo ine sindinamuyezepo ngakhale ndi kachidutswa ka nsalu. Aliyense amene wanena kuti "Mwatandala uli, amama?" ndimamuyang'ana mpaka akhote. Nyamwale akuti pa zonsezi ndiphunzirepo kufunsa anthu. Mwina akunena zoona. Dzinalo iyeyo akulidziwa, ndamuona mmene akumwetulira masiku ano. Koma kumufunsa ayi. Angandinamize.