Apongozi Akhale Kumbuyo

Mpaka lero ndikamatsuka pikapu yanga ndimapezabe timagalasi pansi pa mpando wakumbuyo. Ndimatitola mwakachetechete n'kukatitaya anthu asanaone, chifukwa pakhomo pano nkhaniyi sichedwa kudzuka. Ndikanakonda kuikwirira, koma anzanga a kutchalitchi akuifotokoza mokokomeza (ena akuti ndinagunda basi, ena akuti apongozi anakomoka mpaka kuwathira madzi), ndiye ndati bola ndiinene ndekha mwiniwakene.

Chaka chimenecho apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Dowa kudzationa kuno ku Dublin. Ine ndine mkamwini woleredwa bwino, izi ndinene mosapsatira. Kwa inu amene munakulira m'tauni, kwathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake amapatsana mpata. Sadyera pamodzi, sakhala moyandikana, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Kumudzi n'zosavuta chifukwa tchire lilipo lambiri. Koma kanyumba kathu ka ku Blanchardstown kali ndi masitepe oti anthu awiri sangadutsane, ndiye ndinkayamba ndatsokomola ndisanatsike, apongozi n'kutsokomolanso kumunsi, wina n'kubwerera. Mwana wathu Tadala ankaganiza kuti tonse awiri tili ndi chifuwa.

Kulankhulana kunali kodzera mwa mkazi wanga. Ine chiimire pakhomo la kukhitchini, apongozi ankati, "Uwauze bambo a Tadala kuti tathokoza, chipinda chikufunda." Mkazi wanga n'kutembenuka, "Akuti athokoza." Ine n'kuti, "Muwauze kuti palibe kanthu." Zinkayenda bwinobwino, ndipo ine ndinkanyadira.

Vuto linayamba tsiku lina masana nditangodzuka. Ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndiye masana ndimagona. Ndili pamasitepe, ndisanatsokomole, ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo, "Kodi dziko la azungu ndi lomweli, shopping centre ndi mvula? Nanga amuna akowa amangogona, sakutengani kokayenda?" Apongozi anga ku Dowa akalankhula anthu amamvera. Zimene akanakanena pobwerera ndi zimene mudzi wonse ukanadziwa za ine mpaka ukalamba wanga, ndipo dzina ndinaliona likundidikira kale: mkamwini wa tulo. Ndinalumbira pamasitepe pomwepo kuti mayi amenewa sakwera ndege asanaone Ireland, komanso asanaone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wodzuka.

Mwayi unabwera kudzera mwa a Declan, mkulu wina wa konkuno amene timapemphera naye, wokhala ku Lucan. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chikalavani chimene mchimwene wawo anabwera nacho kuchokera ku America. Si timakalavani tomwe timakokedwa ndi galimoto wamba tija. Ichi chili ndi khosi lalitali lomwe limakwera pamsana pa pikapu n'kukolowekedwa pachitsulo chapakati, mmene amachitira mathiraki. Eni ake amati fifth-wheel. A Declan mawondo anali atayamba kuwavuta, pikapu yawo anagulitsa, ndiye anati ndikapeza galimoto yochikokera ndichitenge chilimwe chonse.

Nditalowamo ndinakuwa. Munali khitchini, bafa, mipando yosanduka bedi, ndipo m'khosi muja munali chipinda chokwera ndi masitepe, chokhala ndi chitseko chakechake. Chitseko, abale anga! Makalavani ena onse omwe ndinawaonapo anali a chipinda chimodzi, ndipo mkamwini kugona chipinda chimodzi ndi apongozi ndi nkhani yoti ankhoswe akhalire pansi. Apa apongozi agona m'mwamba n'kudzitsekera, ife pansi. Ndinawakumbatira a Declan mpaka anandifunsa ngati ndili bwino.

Tsono pikapu. Tisanamizane, mwamuna aliyense wa ku Malawi ali ndi pikapu mumtima mwake. Ine yanga ndinayamba kuilota ndili mnyamata, ndikukwera matola pamwamba pa matumba a chimanga, fumbi lili tho m'maso. Laisensi yokokera kalavani ndinali nayo kale kuchokera pa ntchito yanga yakale yonyamula mipando, choncho chinatsala n'kusankha basi. Tulo tamasana tinatha. Ndinkangokhalira mavidiyo pafoni, mpaka ndinayamba kuphunzitsa anzanga kuntchito za mphamvu ya injini ndi kulemera kwa katundu, iwo asanafunse n'komwe. Mkazi wanga anavomera kuti tisinthanitse kagalimoto kathu.

Tinapita ndi a Declan kwa wogulitsa magalimoto wina ku Finglas. Panali mapikapu awiri amene akanatha kukoka chikalavani chija. Yoyamba inali ya msana wautali, koma mipando yakumbuyo inali ting'onoting'ono, yoti munthu wamkulu mawondo amufike pachibwano. Yachiwiri inali ya zitseko zinayi, kumbuyo mpando wotakasuka ngati wa pabalaza, koma msana waufupi.

"Tenga yaitaliyi," anatero a Declan (ndikumasulira, iwo amalankhula Chingerezi chawo chothamanga chija). "Khosi la kalavani limafuna malo. Pa yaifupiyo ukakhota kwambiri ligunda galasi lakumbuyo."

Ndinalowa m'yaitali ija n'kuyamba kugawa malo m'mutu. Apongozi ndi mayi a thupi, ndipo nawonso mawondo amawavuta. Kumbuyo kuja sakanakwanako. Ndiye kuti mkazi wanga ndi Tadala kumbuyo, apongozi kutsogolo. Pambali panga. Ndinayang'ana giya, ndinayang'ana pomwe pakanakhala bondo lawo, n'kuona dzanja langa likupita n'kubwera pamenepo kuchokera ku Dublin mpaka ku Kerry, dera lakutali la mapiri komwe ndinkafuna kukawayendetsa.

Ndinayesa kuwafotokozera a Declan za mwambo wathu. Anamvetsera bwinobwino, manja m'thumba, kenako anati, "Inenso apongozi anga sitinkalankhulana, koma sindinagulepo galimoto chifukwa cha zimenezo."

Ndinatenga ya zitseko zinayi. Makaniko amene anamanga chitsulo chokolowekera anayesanso kundipulumutsa. Anati chilipo chitsulo china chotsetsereka, chomwe chimakankhira kalavani kumbuyo pokhota, koma n'choitanitsa kunja. Nditafunsa za nthawi yofikira ndinapeza kuti apongozi adzakhala atabwerera kale ku Dowa. Ndinati angomanga chomwe chilipo. Anandisonyeza ndi manja ake awiri mmene khosi limayandikira galasi, ine ndikugwedeza mutu, koma maganizo anali kale kumapiri a ku Kerry, apongozi akujambulitsa.

Nditafika nayo kunyumba mkazi wanga anaizungulira kamodzi n'kufunsa, "Ndi imeneyi yomwe ananena a Declan?"

"Ndi yomwe ili bwino," ndinayankha.

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinamuuza za giya ndi bondo. Analowa m'nyumba akupukusa mutu. Ine ndinatenga kansalu n'kuyamba kupukuta matayala.

Lachisanu ndinakachitenga chikalavani ku Lucan. Msewu waukulu, makona otakasuka, zonse myaa. Anthu m'mabasi ankatembenuka kundiyang'ana, ine chigongono pawindo. Ndinalowa mumsewu wa kwathu n'kuima pakhomo penipeni. Apongozi anasuzumira pakatani, ndipo posakhalitsa mkazi wanga anatuluka ndi uthenga: "Akuti kodi nyumba imeneyi tipita nayo?" Tsiku limenelo ndinadya mowonjezera. Chomwe sindinachiganizire n'chakuti msewu wathu ndi wosatulukira. Umathera pa kabwalo kakang'ono kotembenukirapo, ndipo ine ndinali nditalowa chamutu.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza msewu. (Ndinawaitana ndekha, musawaimbe mlandu.) Kunabwera amayi a kwaya, kunabwera a Banda a ku Finglas, amene kale anali kondakitala wa minibasi ku Lilongwe ndipo sanaiwale. Mafoni onse m'mwamba. Apongozi anavala chitenje chatsopano ndi duku lofananira. Ndinawakonzera malo kumbuyo kumanzere, kutali ndi ine mmene galimoto ikanalolera, Tadala pambali pawo, mkazi wanga kutsogolo. Tisananyamuke apongozi anaimbira mng'ono wawo ku Dowa pa vidiyo, ndipo kumeneko anthu anaunjikana pafoni kuti aone nyumba yoyenda. Mtima wanga unkavina. Ndinaliza hutala kawiri popanda chifukwa.

Ndinafika pakabwalo paja n'kuyamba kukhota. Sizinakwane. Ndinabwerera pang'ono. Apa ndi pomwe Amalawi onse anasanduka aphunzitsi a galimoto.

"Bwerani, bwerani, space ilipo!"

"Ayi, straighten kaye!"

"Left, left! Iiih, osati left imeneyo!"

"Full lock, achimwene, full lock!" Awa anali a Banda, akumenya mbali ya galimoto ndi chikhatho. "Ine ndikuona, tiyeni!"

A Declan anali ataima pa kapinga wa aneba akukupiza manja onse awiri, koma mawu awo anamira m'phokosomo. Ine ndinamva a Banda okha, chifukwa ndiwo ankanena zimene ndinkafuna kumva. Ndinapotokola chiwongolero mpaka pomaliza, n'kuponda mafuta pang'ono kuti ku Dowa amve kulira kwa injini.

Phwaa!

Galasi lonse lakumbuyo linayoyoka ngati mchere. Ngodya ya chikalavani inalowa m'galimoto n'kuima pafupi penipeni ndi duku la apongozi. Tadala anati chapansipansi, "Daddy, Agogo has glass on her head." Kenako m'foni munamveka mayi wina ku Dowa akukuwa, "Achemwali! Achemwali! Mwagundidwa ndi nyumba?"

Sindikudziwa mmene ndinatsikira. Ndinangopezeka ndagwada pa phula lonyowa pafupi ndi chitseko chawo, maso pansi. Mantha anali enieni, ndisaname. Ndikanaponda pang'ono pokha bwenzi tikunena zina. Koma ngakhale pamenepo pakamwa panga panatuluka zomwe panazolowera: "Mayi a Tadala, afunseni amayi ngati avulala."

Mkazi wanga anali atafika kale, akuwachotsa timagalasi m'mapewa, ndipo kuleza mtima kunali kutamuthera. "Afunseni nokha! Amayi, a Declan anawauza anthu awatu kuti agule galimoto ina yaitali. Anakana. Akuti inu musakhale kutsogolo pafupi ndi iwo."

Apongozi anatsika pang'onopang'ono. Sanavulale paliponse, Tadala nayenso ayi, Mulungu ndi wabwino. Anadula foni. Anavula duku, analikutumula, analimanganso. Kenako ndinamva mawu omwe sindinawamvepo chikwatirire.

"Bambo a Tadala. Tandiyang'anani."

Ndinayang'ana nsapato zawo.

"Kumaso kuno."

Ndinadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kudziwa kuti mwana wanga maso anawatengera kwa agogo ake.

"Ndiye mwagula galimoto yonseyi kuti ine ndikhale kumbuyo?"

"Eya, amayi."

"Ulemu ndauona, ndathokoza. Koma ulemu umenewu ukanandichotsa mutu. Dzukani, mukunyowetsa thalauza. Chotsani chinyumbacho tizipita, ine ndavala kale."

A Declan analowa okha m'galimoto n'kuiwongola, kenako tinamasula chikalavani n'kuchisiya m'mbali mwa msewu. A Banda anali atasowa. Amayi a kwaya anasesa mpando, mneba wina anabweretsa pulasitiki ndi tepu. Titakonzeka, apongozi anazungulira galimoto n'kutsegula chitseko chakutsogolo. "Iwe, pita kumbuyo," anauza mwana wawo. "Ine ndikhale poti ndiziona zomwe akuchita."

Ku Kerry sitinafike. Tinangopita kumapiri a ku Wicklow n'kubwerako madzulo, pulasitiki ikupepheruka kumbuyo njira yonse. Ndinayenda mtunda ndithu pa giya imodzi, dzanja likukana kutsika pachiwongolero, mpaka apongozi anati, "Sinthani giya, bambo, galimoto ikulira." Ndinasintha. Anandifunsa za nkhosa zopakidwa utoto pamsana, za okalamba omwe ndimawasamalira usiku, ngati amadya bwino, chifukwa chake ana awo sawasunga okha. Ndinayankha zonse ndekha, popanda womasulira, mawu akutuluka movutikira poyamba. Nditawauza kuti nkhalamba ina siigona ndisanaigwire dzanja, iwo anati, "Ndiye n'chifukwa chake mumagona masana." Pobwerera anagona iwowo, mutu utatsamira pawindo.

Chikalavani ndinachibweza ku Lucan, a Declan ali pambali panga akupemphera pakona iliyonse. Galasi ndinaikitsa latsopano, ndipo chitsulo chotsetsereka chija ndinachiitanitsa ndithu. Mkazi wanga akandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu ndimati eya. Koma kunena zoona, atandibwezera ku Finglas kuja n'kundiimika pakati pa mapikapu awiri aja, ndikukayika ngati chala changa chingaloze yaitali ija.

Apongozi atabwerera ndinadikira lipoti mtima uli m'mwamba. Linafika kudzera mwa alamu anga, pa uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka anthu akuseka. "Alamu, amayi afika bwino. Akuti mwana wawo ali pabanja labwino, mkamwini ndi wolimbikira, waulemu ngati ameneyo sanamuonepo. Koma alamula kuti mukadzabwera, ngolo ya ng'ombe tidzaibise."